Kachitsulo ka m'chitini cha a Magdalena

Ankati a Magdalena sangachotsedwe pa malo a esiteti ngakhale mzungu atabwera ndi asilikali. Ankati ali ndi kachitsulo kamene mzungu woyamba anapatsa bambo awo ndi dzanja lake, ndipo wosunga kachitsuloko malo ndi ake mpaka zidzukulu. Ine Amosi ndinkaseka nkhaniyi pagulu, koma ndikamadutsa pakhomo pawo ndinkakweza chipewa pang'ono, kuchitira mwina.

A Magdalena anali alamu anga, akazi a achimwene anga a Dixon, amene anapita ku Halale kukagula njinga ndipo mpaka lero akusankhabe. Anayamba kuthyola tiyi ali kamtsikana, dengu likuwagunda m'miyendo, ndipo imvi zinawapeza mu mzere momwemo. Zala zinada, msana unapindika potsata dengu. Kaya mvula kaya chiperoni, iwo ali m'munda. Nyimbo sankaimba nawo, ankati nyimbo silemera pa sikelo. Ana analera okha. Wina njala ya 1949 inamutenga, anamuika kuseri kwa nyumba, mmunsi mwa mtengo wa mango.

Kachitsuloko kankakhala m'chitini cha fodya, pamodzi ndi mikanda ya mayi awo ndi batani la jekete ya a Dixon. Bambo awo, a Yesaya, anachokera kwa Apwitikizi akudziwa Chilomwe chokha. Tsiku loyamba anagwetsa mitengo m'mawa wonse. Dzuwa lili pamutu, mzungu anawaika kachitsulo m'manja n'kuloza kumtunda. Iwo anakamanga nyumba m'khonde mwa chitunda chomwecho, kachitsulo n'kukamangirira pansalu. Pomwalira anauza mwana wawo kuti malo ali m'chitinimo.

Chaka china, mvula itayandikira, kapitawo anabwera kudzanena kuti nyumba zonse za pachitunda zichoke, pakubwera tiyi watsopano. Anthu sanapite kwa kapitawo kukadandaula, anabwera kwa a Magdalena. Ngakhale amene ankawajeda anakhala pakhonde ngati nkhuku zobisala mvula.

A Magdalena anandiitana ine, poti ndine wophunzira wa m'banja. Sitandade 2 ndinaikhala kawiri, choncho ndimaidziwa bwino.

"Alamu, tawerengani apa."

Kachitsuloko kanali kamkuwa, kozungulira ngati kobiri, kachiboo pakati. Mutu wa mfumu panalibe.

"Palembedwa wani."

"Basi?"

"Basi. Mwina ndiye kuti munthu woyamba, kapena malo oyamba."

"Kapena ndi pamene sukulu yanu inathera."

"Mukadakwatiwa ndi ine, bwenzi mukudziwa ndi thuu yemwe."

Sanaseke. Anati mawa ndiwaperekeze ku ofesi, ndikalankhule Chingerezi changa chija.

Tinapita atavala chilundu cha kutchalitchi. Tsiku limenelo sanathyole, ndipo njira yonse ankayang'ana anzawo m'mizere ngati waiwala mwana. Ku ofesi tinadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Bwana wake anali watsopano, woti a Yesaya akumwalira n'kuti iye akuyamwa kwawo. Kachitsulo kaja anakatembenuza, anakaunika pawindo, n'kupatsa kalaliki. Kalaliki anakagogoda patebulo. Onse anati sakukadziwa, m'mabuku mulibe, koma tikafunse a Bizwick, nkhalamba yolondera shedi yakale, amene anagwira ntchito kwa mzungu woyamba uja.

Ndinanong'oneza alamu kuti ngati mzungu sakukadziwa ndiye kuti n'kamphamvu. Panthawiyo ndinali nditakhulupirira ndithu.

Shediyo inali kuseri kwa chitunda chathu chomwe, ndipo njira imadutsa kumtunda kwake, moti denga umaliona lonse. A Magdalena anaima. Ine ndinayesa atopa. Analoza malata. Pansi pa mutu wa msomali uliwonse panali kachitsulo kozungulira, tina takuda, tina tobiriwira ndi mvula, mizere mizere mpaka kumapeto.

A Bizwick tinawapeza akuwothera dzuwa. Kachitsulo ka alamu anakalandira, osakayang'ana n'komwe, anangokapapasa ndi chala.

"Ka nyemba aka. Mwakatola kuti, mayi?"

"N'ka bambo anga. Anawapatsa mzungu."

"Ankapatsa aliyense. Ukagwira ntchito mpaka masana, amakupatsa, umabwera nako kuno, ine ndinkakupakulira chikombe chimodzi, kachitsulo n'kuponya m'ndowa. Kuno kunali kukhitchini. Mzungu uja atamwalira zimenezi zinatha, ndowa yonse akalipentala anakhomera denga kuti lisamadonthe."

"Ndiye polozera kumtunda kuja..."

"Ankalozera mphika wanga."

A Magdalena anakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi chilundu cha kutchalitchi. Ndinafunafuna nthabwala, sinabwere. Iwo anati, "Ndiye kuti bambo tsiku limenelo sanadye."

"Ngati kachitsulo kali kwa inu, sanadye," anatero a Bizwick.

"Nanga nyembazo zilipo? Ndiwadyere."

"Mwachedwa, mayi."

Pobwerera anthu anali akudikirabe pakhonde. Alamu anangodutsa, n'kuyamba kutsitsa nkhokwe. Ndine ndinawauza anthuwo, ndipo ena anandikwiyira ngati nyembazo ndinadya ndine.

A Magdalena anasamukira kwa mwana wawo Fackson ku Masambanjati, kumene amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, atakhala pansi koyamba m'moyo wawo, akudandaula kuti kukhala kumapweteka msana. Chitini anapita nacho. Batani la a Dixon anandipatsa ine, akuti ndikamawasowa achimwene anga ndizilisisita. Pamene panali nyumba pali tiyi, ndipo mtengo wa mango anausiya chifukwa cha manda, othyola amapumira pamenepo.

Kachitsulo kaja sikanali ka malo. Kanali ka chikombe chimodzi cha nyemba.