Mabokosi Atatu a Kamvuluvulu

Mlongo wanga ndi woyeza magazi kuchipatala. Watha zaka makumi awiri akusuzumira m'makina, ndipo diso lake linathwa moti akakuyang'ana pakhosi amadziwa zomwe unadya chaka chatha. Amaseka kawiri pachaka, kamodzi mwa kawiriko n'kutsokomola chabe.

Mwana wake wamkazi, amene ine malume wake ndimamutcha Timba chifukwa cha kuchepa, anasankhidwa kukoleji yomwe amake anaphunzirako. Panabwera fomu yoti kholo lisaine ngati mwana azikagona kuhositelo, tsiku lomaliza Lachisanu. Mlongo wanga anaitsindira ndi wailesi.

"Uziyendera," anatero. "Minibasi ziwiri si imfa. Ine zaka zinayi ndinkadziwa njira zitatu basi: kalasi, laibulale ndi bedi."

Ine madzi amene ndinkamwa anatulukira m'mphuno.

Sabata yomweyo kolejiyo inalembera ophunzira akale kuti apereke tizinthu ta nthawi yawo kuchipinda chosungira zakale. Kuyambira pamenepo mlongo wanga mpando unkamuwotcha. Kapu imodzi anaitsuka katatu, anasesa pabalaza mpaka simenti inayamba kupempha chifundo. Lachitatu masana ndinamupeza kuchipinda atatsitsa sutikesi ya pamwamba pa wadirobu, chitseko atachinga ndi mpando.

"Achimwene, mukatsegula pakamwa ndikuyezani magazi onse, osatsala ndi dontho."

M'sutikesimo munali nsapato zofiira zakutha zidendene, matikiti a madansi omangidwa ndi ulusi, okwana kufolera nyumba, ndi wenzulo yomwe ankaitanira atsikana anzake m'khonde la hositelo. Munalinso makalata khumi ndi anayi a mayi woyang'anira hositelo, onse oyamba ndi mawu oti "Ndakhumudwa." Pakoleji paja dzina lake linali Kamvuluvulu. Akalowa m'holo, mipando inkadzisuntha yokha.

Anapatula milu iwiri. Mulu woipa unafika m'chiuno. Mulu wabwino unali ndi zinthu zitatu: kope la notsi, chithunzi atavala gauni, ndi khadi la kulaibulale lodindidwa kawiri.

"Kawiri m'zaka zinayi, achemwali? Kapena kunkagwa mvula?"

Anandigenda ndi nsapato yofiira. Koma maganizo ake ndinawaona: akapereke mulu wabwinowo Timba akuona, nkhani ya njira zitatu idindidwe ndi koleji yeniyeniyo, fomu ifere pansi pa wailesi.

Lachisanu tinapita atatu. Timba anapinda fomu n'kuiika m'thumba mwakachetechete, ine ndinanyamula envulopu ya mulu wabwino uja. Chipinda chosungira zakale chinali chozizira, chonunkhira mapepala akale, mashelefu ofika kudenga. Mayi wosunga zinthuzo anawerenga dzina pakhadi, anavula magalasi, n'kuyang'ana mlongo wanga ngati waona mzukwa wokondedwa.

"Pepani, mayi. Kodi Kamvuluvulu uja ndinu?"

"Mwasokoneza ndi wina."

"Dikirani pang'ono."

Anabwera ndi mabokosi atatu pakangolo. Anzake a mlongo wanga anali atapereka kale zawo, ndipo chithunzi chilichonse munali iye: pamwamba pa tebulo, pakati pa bwalo, wenzulo kukamwa. Masiku amenewo ankajambulitsa n'kugawira aliyense, kumbuyo atalemba tsiku ndi dzina lake lonse mosamala, ngati pabotolo la magazi. Makalata aja nawonso analipo. Munthu amene kuntchito amalemba chilichonse pawiri anaiwala kuti woyang'anira hositelo naye ankasunga kope la kalata iliyonse.

Mlongo wanga anaima, anakhala, anaimanso, anafunsa komwe kuli chimbudzi koma osapita. Timba ankatembenuza zithunzi chimodzichimodzi, osaseka. Ine kuseka ndinakumeza mpaka nthiti ziwiri zinasemphana.

Timba anafika pakalata yomaliza, anaiwerenga kawiri.

"Amayi, apa alemba kuti anaitanitsa kholo."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo, chifukwa tsikulo ndinalipo. Bambo athu anaima mu ofesi chipewa chili kumanja, munthu amene sankapempha ngakhale moto kwa mnansi, akupempha kuti mwana wawo asachotsedwe sukulu.

"Agogo ako sanandikalipire," anatero mlongo wanga, maso ali pabokosi. "Anangoti, 'Tiye, kalowe m'kalasi.' Ndikanakonda akanandimenya. Ine sindikufuna kudzaima mu ofesi imene ija."

"Ndiye mukanandiuza zimenezi, osati za bedi ndi laibulale."

Timba anatulutsa fomu, anaiwongola, n'kuiika pachivundikiro cha bokosi. Mlongo wanga anaiwerenga mzere ndi mzere, kutsogolo ndi kumbuyo kopanda mawu komwe. Anapempha cholembera, anachibweza ati sichikulemba bwino, anatenganso chomwecho. Anasaina.

"Akakupatsa chipinda cha kumapeto kwa khonde ukane. Zenera lake silitseka."

"Mwadziwa bwanji, amayi?"

"Ndinalithyola ndine. Fulumira, ofesi akutseka."

Timba anathamanga ndi fomu. Wosunga zakale anafunsa ngati wenzulo ija ikadalipo, kuti aiike pagalasi anthu aziiona.

"Imeneyo ayi," anayankha mlongo wanga, akusuzumira kale pazenera kuona komwe mwana walowera. "Ndikhala ndikubwera Loweruka lililonse. Ndikaimba pageti, aziimva ali kuchipinda."