Malata Amene Ndinaboola Nditakwiya

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anagawa chipinda chathu pawiri. Tinkakhala pa Nsaru, kuseri kwa msika, m'chipinda chimodzi cha lendi. Mayi anali atamwalira dzinja lapitalo, ndipo tinatsala awiri, ine ndi bambo. Ntchito yawo inali yokhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira fodya kunazale. Sanali munthu wolankhula ngakhale mayi ali moyo, koma maliro atatha mawu awo anachepereratu. Ndikabwera kusukulu ndinkawapeza pansi pa mtengo wa mango akugogoda malata, n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha osadzutsa mutu. Ana anzanga a pamzere wathu anali ndi abale awo odya nawo ndi okangana nawo. Ine ndinkasesa, kutunga madzi, kuphika, kenako n'kukhala pakhonde kumvetsera hamala mpaka dzuwa kupendeka.

Lolemba lina ndinapeza bambo atabweretsa timatabwa topyapyala ndi zitini zisanu ndi chimodzi za mafuta ophikira. Anazing'amba ndi sizasi yawo yaikulu, kuziwongola, kuzikwecha ndi mchenga mpaka zilembo zonse zitachoka.

"Kodi mukupanga chiyani, ababa?" ndinafunsa.

"Chotchinga. Iwe uzigona uko, ine kuno. Eni nyumba akana zomanga khoma."

Anabwerera ku zitini zawo. Zotsalazo ndinadziyankha ndekha. Anthu ankakonda kunena kuti ndinatengera mayi nkhope yonse, choncho ndinaganiza kuti bambo atopa kuiona nkhopeyo m'mawa uliwonse. Ndinapita kumjigo ndi ndowa yomwe inali isanathe madzi, kuti ndikalirire kunjira.

Bambo anapala timatabwa tija n'kukhoma mafelemu asanu ndi limodzi. M'mphepete mwa lata lililonse anapindamo bwinobwino kuti lisadule munthu. Kenako anatenga choko n'kujambulapo: pena tsamba la fodya, pena mpendadzuwa, pena chitsononkho cha chimanga, pena nkhunda. Sindinkadziwa kuti amatha kujambula. Anandipatsa msomali ndi hamala yaing'ono, n'kundiikira thabwa pansi pa lata.

"Uzilondola chokocho. Bowo, chala chimodzi, bowo."

Masana atatu ndinaboola monga anandiuzira, dzanja likununkha dzimbiri ndi mafuta akale. Tinkakhala moyandikana kwambiri, koma chomveka chinali mahamala awiri okha. Lachinayi ndikuboola nkhunda ija, mayi wina woyandikana nafe anaima n'kuseka.

"Eee, mpaka mwana kumupangira khola ngati nkhuku, eti?"

Iye ankangocheza, koma ine mtima unawira. Atangochoka ndinayamba kumenya msomali paliponse, m'maso mwa nkhunda, pamapiko, kunja kwa choko, mpaka lata linang'ambika pakati. Bambo anasiya ntchito yawo. Ananyamula latalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira khofi, ndipo kunena zoona ndinkalifuna, chifukwa munthu akamakumenya ndiye kuti wakuona.

"Lata lina palibe," anatero motsitsa. "Ndipo masiku atsala awiri."

"Masiku a chiyani?"

Bambo anangogogoda mano a pong'ambikapo kuti agone, n'kulikhomera m'felemu yake momwemo.

Lachisanu anapaka timatabwa penti yobiriwira yotsala pa ntchito ina. Itauma analumikiza mafelemuwo ndi timphete ta waya, awiriawiri, lina pamwamba lina pansi, n'kukoleka mizere itatuyo kumtanda wa denga. Chotchingacho sichinkafika pansi, anasiya mpata woti tsache lizidutsa komanso chiswe chisakwere. Anakokera mphasa yanga ndi bokosi la mabuku mbali ya kuwindo.

Loweruka m'mawa kabaza anatsitsa mayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga, ochokera ku Nambuma. M'manja anali ndi chikwama chopanda kanthu. Atalonjerana ndi bambo pakhonde, sanazungulire.

"Alamu, uthenga munaumva mwezi watha. Mwanayu wakula. Mtsikana sangamagone chipinda chimodzi ndi bambo ake. Kumudzi akunena, kumpingonso akunena. Esnati, kalongedze zovala zako."

Za uthengawo ndinali ndisanamvepo.

Bambo anaimirira n'kukankha chitseko. "Lowani kaye muone, alamu."

Ndinawatsatira pambuyo. Dzuwa la pawindo linali kudutsa m'timabowo tija, tsamba la fodya ndi mpendadzuwa zitagwera pansi ngati mikanda yowala. Mayi aakulu anazungulira mbali zonse. Anakankha pang'ono ndi chala, malata n'kulira ngati timabelu. Anaima pa nkhunda yong'ambika ija.

"Nanga apa panachitika chiyani?"

"Wapanga mwini chipinda," anatero bambo. "Ndikudziwa kuti mwana ndi wa kwanu, alamu, sindikutsutsa. Koma ndi yekhayu amene ndatsala naye. Mukapita naye, ine m'mawa ndizidzukira ndani?"

Chichokereni mayi ndinali ndisanawamvepo akulankhula mawu ochuluka chotero. Mayi aakulu anakhala pabokosi langa la mabuku n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anati, "Amalize pulayimale. Zinazo tidzakambanso." Anabwerera okha masana omwewo.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira tsikulo tinayamba kucheza, koma likhala bodza. Bambo anabwerera pansi pa mango, ine kumjigo. Ndinakhala nawo zaka zina ziwiri, kenako ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Anamwalira ndili fomu 3, atadwala sabata imodzi yokha. Pamene ndinkafika pa Nsaru, eni nyumba anali atatulutsa kale katundu, ndipo palibe amene anadziwa kumene chotchinga chija chinapita. Sindinawapepese chifukwa cha lata lija, komanso sindinawathokoze. Ndinkaganiza kuti nthawi ilipo, ndiponso ndinali nditatengera khalidwe lawo losunga mawu m'mimba.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimamvetsa kuti tonse awiri tinalakwa mofanana. Ine ndinawaweruza ndisanafunse kachiwiri. Iwo anandimenyera nkhondo sabata yathunthu osandiuza kuti nkhondoyo ilipo, pamene mawu ochepa chabe akanandichotsera misozi yonse ija. Mwana saona za mumtima mwa kholo, amangodzipangira yekha yankho, ndipo kawirikawiri amasankha lopweteka. N'chifukwa chake kwathu kuno ndikasintha chinthu, ngakhale kungosuntha bedi, ndimaitana ana n'kuwauza chifukwa chake. Wamkulu amadandaula kuti ndimalongosola kwambiri. Ndimamusiya adandaule, ine n'kupitiriza mpaka nditamaliza.