Khutu la a Namakhwa ndi Gitala ya Maureen

Pa Namadzi, munthu wofuna kukonzetsa wailesi safunsa njira kawiri. Amangomulozera pakhonde la a Stanford Namakhwa. Ine ndimasoka zovala pakhonde lomwelo, makina anga mbali ino, tebulo lawo la mawaya mbali iyo, choncho za bambo amenewa ndimazidziwa kuposa mmene iwo angafunire.

Chuma chawo ndi makutu. Minibasi ikaima pasiteji nyimbo zikulira mokweza, iwo osadzutsa n'komwe mutu amangoti, "Sipika yakumanzere yang'ambika," ndipo kondakitala akabwera nayo imapezekadi yong'ambika. Kudzitama nakonso ali nako, tisabise. Amati palibe phokoso lingawadutse osalidziwa dzina.

Akazi awo atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi, Maureen, amene anakulira pansi pa tebulo lomwelo akuseweretsa mabatire akutha. Gitala anaiphunzira m'kwaya ya kutchalitchi. Atapita kukagwira ntchito ku Limbe anakumana ndi anyamata atatu, n'kuyambitsa bandi yotchedwa Linthumbu. Nyimbo zawo ndi za roko, koma osati roko wa aliyense: ndi uja wa anthu ouma mutu, okana kuimba zimene anzawo akugulitsa. Chaka chatha analowa mu situdiyo n'kujambula chimbale chawo choyamba, Nandolo Wauma.

Maureen sanafune kuti wina aliyense achimve bambo ake asanachimve. Anabwera nacho pa memori khadi, akumwetulira yekha, n'kuika khadiyo mu wailesi yaikulu ya patebulo. Ng'oma zinayamba bwino. Gitala itangolowa, ikukhadzuka ngati lata lokokedwa ndi mphepo, a Namakhwa anazimitsa, natenga sikuludiraiva n'kutsegula sipika. Vuto sanalipeze. Anayesa sipika ina, kenako inanso.

"Mwanawe, a situdiyowo akupusitsani. Makina awo ndi akutha."

"Ababa, palibe chawonongeka. Kulira kumeneko ndinakufuna ndine."

"Munthu wamutu wake angafune dala phokoso la sipika yong'ambika? Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuchotsa phokoso limeneli m'mawailesi a anthu."

Ndinakwiya nawo tsiku limenelo, ndipo ndinawauza pamaso. Maureen anapukuta misozi n'kundinong'oneza kuti ngati makutu amene amamva chilichonse sanamvemo nyimbo, ndiye kuti nyimbo mulibe, gitala aigulitsa basi. Khadi ija anaisiya patebulo n'kukakwera minibasi.

Chimbale chinatuluka ndithu. Ku Blantyre achinyamata ena anachikonda mpaka kuloweza mawu ake. Wolemba wina m'nyuzipepala anati ndi chigayo chogaya popanda chimanga. Wailesi ina inkaika nyimbo imodzi masana pa pulogalamu ya achinyamata, koma kuno ambiri sanadziwe n'komwe kuti woliza gitalayo ndi mwana wa pakhonde pathu. Maureen anasiya kuimba foni.

Khadi ija sinatayidwe. Makasitomala akachepa ndinkawaona a Namakhwa atavala mahedifoni, nkhope itakwinyika ngati akumwa mankhwala a malungo. Patapita masabata ndinaona phazi lawo layamba kugunda pansi.

"Achemwali, taimitsani makinawo," anatero tsiku lina. "Pansi pa phokosoli pali tchopa. Umu ndi mmene ankavinira malemu bambo anga ku Magomero. Ndipo gitalayi sikungolira chilirelire ayi, ikuyankha ng'oma."

Ndinawauza kuti amuimbire mwana. Anati alibe mayunitsi, bodza lamkunkhuniza. Chimene chinkawavuta ndi kugonja kwa mwana amene anamubereka okha kumsana.

Tsiku lina la msika kunafika a Mikaele, mlimi wa ku Magomero, atamangirira wailesi panjinga ndi chitenje.

"Achimwene, sipika yapita. Chodabwitsa n'chakuti nkhani imawerenga bwino, kwaya imaimba bwino, koma masana ikafika nyimbo ina yake imangokhadzuka."

A Namakhwa sanaikhudze sikuludiraiva. Anatulutsa chisipika chimene amabwereketsa pamaukwati, nachilozetsa kumsika, naika khadi ija n'kukweza mpaka pamapeto.

"Ndi imeneyi?"

"Eya! Kuwonongeka kwake n'komweku!"

"Wailesi yanu ili bwinobwino, a Mikaele. Akulizayo ndi mwana wanga, Maureen. Anachita dala, ndipo limeneli ndi luso."

Ena anatseka makutu, sindinama. Anyamata a kabaza anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma amayi awiri ogulitsa nandolo anaizindikira ng'oma ija, nasiya malichero awo n'kuyamba kuponda tchopa pafumbi, ndipo a Mikaele, amene anabwera kudzadandaula, mapewa anayamba kuwagwedezeka okha. Ine ndinanyadira ngati mwanayo ndinabereka ndine.

A Namakhwa anatulutsa foni, mayunitsi aja atapezeka mwadzidzidzi. Maureen atayankha, iwo sanapereke ngakhale moni. Anakweza foniyo m'mwamba kuloza kumsika mpaka nyimbo inatha. Kenako anaiika kukhutu.

"Wamva, mwanawe? Gitala ija usagulitse. Chong'ambika chinali khutu langa."