Phiri la Kuseri kwa Bauleni

Lero m'mawa anthu amatentha udzu kuseri kwa msika, ndipo fungo la lupsa landikumbutsa mwezi wina wa Juni, ndili wamng'ono. Mlongo wanga wakhanda anali atatsokomola milungu itatu, mankhwala osathandiza. Amayi anamubereka, n'kunditenga kuti tikamupempherere paphiri la kuseri kwa Bauleni. Mphepo inkaluma makutu, mapazi anga ong'aluka atada ndi phulusa. Tili pakati pa chitunda, kumsana kwa amayi kunangoti zii.

"Amama, mwana wapola! Waleka kukosomola," ndinatero mokondwa.

Amayi anaima, n'kupisa dzanja m'chitenje. Anakhala choncho nthawi yaitali, kenaka anamangitsa chitenjecho.

"Pita kutsogolo," anatero chapansipansi. "Tikalibe kufika."

Tinapitiriza kukwera.