Mabedi Atatu a NyaManda

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wa tsiku wamba ku Nkhata Bay, ndipo mukukwera kanjira kochokera kumsika kulowera kumtunda. Ana a sukulu akutsetsereka mothamanga, amayi akukwera ndi mabeseni a usipa pamutu. Mukafika pa nyumba ya malata yopaka utoto wobiriwira, muona nsalu zoyala pabedi zoyera mbee zili pachingwe. Mlendo angaganize kuti m'nyumbamo mumagona anthu ambiri. Koma kwa zaka zingapo munkagona munthu mmodzi yekha, mayi Felistus Manda, amene tonse timawatcha a NyaManda.

A NyaManda anayamba ntchito m'chipatala akadali mtsikana. Sanali namwino ayi. Ntchito yawo inali yokolopa m'wodi, kuchapa ndi kuyala mabedi a odwala. Ankakoka nsalu mpaka kuchita gwa ngati thabwa, makona atapindidwa bwinobwino, moti ngakhale wodwala wogubuduka usiku wonse sankaiyalula. Amuna awo, a Mackford, anamwalira ana ali aang'ono, ndipo ndi manja okolopawo anaphunzitsa ana atatu. Awiri mwa iwo anadutsa m'kalasi mwanga. Thumbiko ali ku Joni, Millicent amagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre, ndipo Wezi, chitsirizira, anakwatiwa ku Lilongwe.

Atapuma pantchito, a NyaManda anamanga nyumba ya zipinda zinayi, chawo ndi chimodzi cha mwana aliyense. Anzawo a kumpingo anawalangiza kuti amange yaing'ono.

"Nanga adzukulu anga akabwera adzagona mumtengo ngati apusi?" anawayankha choncho.

M'chipinda chilichonse anaikamo bedi ndi neti. Loweruka lililonse ankayalula, kuchapa nsalu zosagonedwazo, kusita, n'kuyalanso. Akamaliza ankakhala pakhonde, foni ili pamiyendo. Si kuti ana anawataya. Ankaimba, ankatumiza mankhwala, nsapato, ngakhale juzi ya m'nyengo yozizira. Koma foni ikangoduka, nyumba inkachita zii. Sitima ya Ilala ikalira padoko ankaimirira n'kusuzumira kumunsi, chonsecho akudziwa kuti ana awo akanati abwere akanadzera pamsewu.

Tsiku lina ndinapita kwa iwo ndi pempho. Pasukulu yathu yoyendera panali mtsikana wa Fomu 1, Dorothy, wochokera ku Usisya. Analibe wachibale m'tauni muno, ndiye ankagona m'kachipinda kodontha kuseri kwa bala. M'kalasi ankangosinza.

"Ama," ndinatero, "zipinda zili zitatu pano. Ndikupempha chimodzi chokha."

"Zili ndi eni ake, a Madamu."

"Eni akewo anagonamo liti?"

"Mwayamba kundifunsa mafunso ngati ndili m'kalasi mwanu? Imwani tiyi, akuzizira."

Ndinamwa tiyiyo, sindinaumirire. Ndikutsika kanjira kaja ndinazindikira chimene ndinawapempha. Kupereka chipinda kunali kuvomera kuti ana awo sadzabweranso kudzakhala.

Pa Khrisimasi ya chaka chomwecho Wezi analonjeza kubwera ndi mwamuna wake, Bruce, ndi ana awo awiri. A NyaManda anauza aliyense pamsika. Anagula nsomba yaikulu ya batala padoko, anakolopa mpaka kuseri kwa zitseko. Galimoto inafikadi. Anadya, anaseka, adzukulu anajambula agogo awo pafoni. Kenaka Wezi anayamba kutolera zikwama.

"Ama, tinasungitsa malo ku loji ku Mwaya. Anawa akufuna kusambira, ndiye bambo awo popanda fani sagona."

"Bedi ndayala, mwana wanga."

"Iii Ama, muzipumako! Mwayala mabedi moyo wanu wonse. Mawa tibwera kudzamwa tiyi."

Wezi ndimamudziwa, alibe mtima woipa. Iye ankaona ngati akuwapeputsira ntchito mayi ake. Tchuthi chonsecho ankabwera masana n'kubwerera ku Mwaya. Atapita, a NyaManda anayalula bedi lija, nsalu zake zikadali ndi mizere ya simbi, n'kuzichapa monga mwa nthawi zonse.

Sukulu itatsegulidwa ndinawaona ataima pakhomo la ofesi ya aphunzitsi, atavala chitenje cha kutchalitchi, akupuma mwawefuwefu chifukwa cha chitunda.

"Mwana wa ku Usisya uja akadali kuseri kwa bala?"

"Akadali komweko, Ama."

"Muuzeni abwere ndi katundu wake. Koma adziwiretu, kwanga bedi sasiya ngati pagona mbuzi."

Dorothy analowa m'chipinda cha Wezi. Sabata yoyamba anayalulidwa bedi kambirimbiri mpaka anaphunzira kupinda makona. Kusinza m'kalasi kunatha. Chaka chotsatira ndinawatumizira atsikana ena awiri, ndipo iwo anawapatsa chipinda cha Millicent. Atauzidwa pafoni, Millicent anangoti, "Mwachita bwino, Ama, muzikhala ndi wocheza naye." A NyaManda anandiuza mawu amenewa akuyang'ana pansi. Mwina ankayembekeza kuti adandaulako pang'ono.

Chipinda cha Thumbiko chokha sanachipereke, ngakhale ndayesapo kuwapempha. Bedi lake limachapiridwabe Loweruka lililonse.

"Ku Joni si kwawo," amatero. "Tsiku lina atopa."

Nthawi ya tchuthi atsikana amakwera Ilala kupita kwa makolo awo, ndipo nyumba ija imachitanso zii. Ndikadutsa ndimawapeza pakhonde pomwe paja, foni pamiyendo, maondo atayamba kuvuta. Amandifunsa tsiku lotsegulira sukulu ngakhale ndinawauza kale dzulo lake.

Kufikira lero, atsikana asanu ndi awiri alemba mayeso a Fomu 4 akugona m'nyumba ya a NyaManda, ndipo woyamba uja, Dorothy, akuphunzira unamwino ku Mzuzu.