Mabatani Osafanana

Mukafunsa dzina lawo lenileni, ambiri pa mpingo pathu angokanda mutu. Koma mukati amayi a Mabatani, ngakhale wobwera dzulo akulozerani benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo.

Anabadwira m'banja la ana ambiri, momwe diresi limodzi linkatsika kuchoka kwa wamkulu mpaka kwa chitsirizira. Tsiku la ubatizo wawo, ali kamtsikana, batani lakumsana linathothoka ali pakhomo la tchalitchi. Anabisala kuseri kwa chitseko akulira, akuti bola kubwerera kunyumba. Mayi wina wachilendo anadula batani la bulauzi yake ndi mano, n'kuwasokerera pomwepo. Batanilo linali lofiira, diresi lili loyera. Mayi uja sanamuonenso, koma sanamuiwale.

Atakula anakwatiwa ndi kalipentala wofatsa, yemwe anamwalira msanga n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Anamulera ndi ntchito yochapa ndi kusita zovala za anthu. Malaya akatha, eni ake akufuna kuwataya, iwo ankapemphako mabatani okha n'kuwaponya m'chitini chakale cha mabisiketi. Lamulungu lililonse chitinicho chinkapita nawo kukapemphera, muli singano ndi ulusi.

"Kutsogolo mumaona nkhope zotsuka," ankatero. "Kumbuyo kuno n'kumene umaona amene zamuvuta."

Sankachititsa munthu manyazi. Ankangonong'ona kuti, "Achimwene, tavulani jeketelo, kwatentha." Nyimbo yomaliza isanathe, jekete labwerera kwa mwini wake lili bwinobwino. Koma tinene zoona, kufananiza mitundu sinali mphatso yawo. Mkulu wa kwaya atapeza batani lobiriwira pa suti yake yakuda anadandaula, iwo n'kumuyankha kuti, "Mulungu sanatilenge ofanana, nanga mabatani alakwanji?"

Mwana wawo atakula n'kuyamba ntchito ya mu ofesi, zimenezi zinkamuchititsa manyazi.

"Amayi, anzanu amasiyira ana awo nyumba. Inu mudzandisiyira chitini?"

"Kupatsa n'kuika, mwanawe," ankamuyankha akuseka.

Ukalamba utafika, maso anayamba kuchita khungu. Imfa sankaiopa. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'choti tsiku lina munthu adzabwerera pakhomo paja chifukwa cha batani, iwo ali pompo koma osatha kumuthandiza. Ndipo tsikulo linafikadi. Bambo wina, yemwe mkazi wake anali atangomwalira, anaima pakhomo atagwira pachifuwa pa malaya ake, osalowa, osachoka. Iwo ananyambita ulusi, kuulozetsa pa singano, kuphonya. Anayesanso, kuphonyanso. Bambo uja anayamba kutembenuka.

Mwana wawo, yemwe tsikulo anangowaperekeza, anali pambali pawo. Amayiwo anamugwira dzanja.

"Mwananga, ndibwereke maso ako. Fulumira, akupita."

Iye anaona nkhope ya mayi ake, mtima unamupweteka. Analowetsa ulusi, anathamangira panja ndi chitini chonse, ndipo patapita kanthawi analowa limodzi ndi bambo uja, malaya atamangidwa mpaka m'khosi. Amayi anapemphera tsiku limenelo akumwetulira ngati mwana. Kuyambira pamenepo mwanayo sankajomba, ngakhale ankaumirirabe kuti amangobwera kudzalowetsa ulusi basi.

Amayi a Mabatani anatisiya m'mawa wina dzuwa litawala, atatha mapemphero awo, ali pampando wawo wa pakhonde, chitini chili pamiyendo. Panalibe kubuula. Mwana wawo ankayesa akuwodzera.

Pa mwambo wowatsanzika abusa sanalalikire motalika. Anangoti, "Amene muli ndi batani losafanana ndi anzake, imirirani." Mabenchi analira. Anaimirira aphunzitsi, alonda, ogulitsa mumsika, mkulu wa kwaya ndi suti yake ija, ndi bambo uja amene anatsala pang'ono kubwerera. Kenako abusawo anakweza mkono, pa malaya awo oyera pali batani lachikasu. Tchalitchi chonse chinaseka, misozi ili mbwembwembwe. Mwana wawo anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, nyumba ija ndaiona."

Lero mukafika mochedwa, mudzamupeza pa benchi yakumbuyo, chitini chili pamiyendo. Mabatani akenso safanana. Akuti kusankha kumachedwetsa, munthu angabwerere pakhomo.