Ngalande imene ndinatseka Loweruka m'mawa

Kwathu ku Mwase Lundazi, malire ndi Malawi sitinkawaona ngati kanthu. Ukapalasa njinga pang'ono basi wafika dziko lina, kumene anthu ake amalankhula Chitumbuka ngati ife ndipo pamaliro amaimba nyimbo zomwezo. Komabe anyamata a tsidya lija akabwera kudzasewera mpira, tinkautcha mpira wa mayiko awiri, tikunena mosaseka n'komwe. Zinali zaka za m'ma 1990, ine ndili wosewera kumbuyo, wamwendo wolimba koma luso ndilibe.

Bwalo lathu linali m'mphepete mwa dambo, moyandikana ndi dimba langa. Madzi a mvula ankatsika kuchokera kusukulu n'kudzaima pagolo la kumunsi, ndiye ndinakumba ngalande yowatulutsira kudambo. Ndinkaisamala ndekha, ndipo anthu ankanditama nayo.

Timu ya tsidya inali itatigonjetsa kawiri. Iwo ankapatsirana mpira pansi mofulumira, ife n'kumangozungulira. Wathu unali womenya m'mwamba, ukagwere komwe ukagwere. Amene ankatizunza kwambiri anali mnyamata wina wamfupi wosewera kutsogolo, mchimwene wa mtsikana amene ndinkafuna kukwatira. Amalume anga, amene anali thenga wondiyendera zaukwati, anali atapitako kawiri, koma bambo a mtsikanayo ankangoti ayambe aona kaye khalidwe langa. Ine m'kupusa kwanga ndinkaganiza kuti akundipeputsa chifukwa mwana wawo ankandidutsa pabwalo ngati chitsa, anthu akuseka. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha abwerere kwawo atazyolika.

Mlungu wa masewero achitatu mvula inagwa masiku awiri osakata. Loweruka m'mawa ndinanyamula khasu ngati ndikupita kudimba. Ndinadula zibuma zaudzu pangodya ya bwalo, n'kutsekera ngalande ija, n'kupondaponda. Sindinauze munthu aliyense. Pofika masana theka lonse la kumunsi linali thamanda, udzu ukungooneka nsonga zokha.

Alendo anafika panjinga, nsapato zampira atazikoleka m'khosi. Mkulu wawo anayang'ana madziwo n'kufunsa kuti, "Kodi tabwela kudzasewela kapena kudzagwila milamba?" Tonse tinaseka, ine kuposa onse. Kulepheretsa masewero kunali kosatheka, pakuti anthu anali atapalasa mtunda wonsewo, ndipo amayi anali ataphika kale nkhuku za alendo.

Poyamba zinayenda monga ndinkafunira. Alendowo akapatsirana, mpira unkaima pakati panjira uli phee m'madzi, wolandira n'kuupitirira. Akati aumenye, ankamenya madzi. Ife tinkangouponyera m'mwamba monga mwa masiku onse, ndipo tinagoletsa chimodzi. Ndinene zoona, ndinakondwa kwambiri. Ndinkathamanga matope ali mpaka m'makutu, ndikudziona wanzeru kuposa Malawi yense.

Titasinthana mbali, ife ndi amene tinkateteza golo la kumunsi. Mnyamata wamfupi uja anathamangitsa mpira umene unkalowera kungodya. Ine ndinali pambuyo pake, ndipo ndinaona kumene akupita. Ndinkadziwa kuti pansi pa madzi amenewo pali maenje amene ndinasiya podula zibuma. Nthawi yofuula inalipo. Sindinafuule, chifukwa akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji.

Phazi lake linalowa m'dzenje, thupi n'kupitirira. Bondo linalira kuti thoo, ndipo anagwa chafufumimba m'madzi popanda womukhudza. Pomudzutsa, mwendo wamanzere unali utapindikira kumene mwendo supindikira. Mpira unathera pomwepo. Anthu ankangoti ndi ngozi ya mvula, ena n'kumati bwalo la padambo ndi loipa. Palibe anayang'ana ngalande.

Panjinga sakanatha kukwera. Ndinathamangira kunyumba, n'kumanga ng'ombe za bambo anga pangolo, n'kuyalamo matumba. Anapempha kuti apite kwawo, chifukwa chipatala chinali pafupi ndi mudzi wawo. Ndinatsogolera ng'ombezo wapansi njira yonse, ndikuzemba mabampu, osati chifukwa cha chifundo chokha koma kuti ndisamuyang'ane kumaso. Tikuwoloka malire anandithokoza m'Chitumbuka ndi mawu otopa, "Mulamu, yewo chomene." Aka kanali koyamba kunditchula mlamu. Ndinangogwedeza mutu mwamanyazi.

Tinafika dzuwa lisanalowe. Anamunyamula kupita naye kuchipatala, ine n'kutsala pabwalo la nyumba, matope ataumira m'miyendo. Mtsikana uja anandibweretsera madzi osamba m'manja, maso ali ofiira. Kenako bambo ake anatuluka, n'kukhala pampando, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Anzanu atsala akuvina kuti awina," anatero. "Imwe mwamanga ng'ombe. Khalidwe ndaliona. Kawauzeni amalume anu abwele."

Ndinagwada pansi. Mawu onse anali pakamwa: khasu, zibuma, ngalande. Ndinayang'ana mtsikanayo ataima pakhomo ndi beseni m'manja. Ndinaomba m'manja n'kungonena kuti, "Yewo, adada."

M'mawa mwake, anthu ali kutchalitchi, ndinakatsegula ngalande ija n'kubwezera zibuma m'maenje. Madzi anatha tsiku lomwelo.

Tinakwatirana titakolola chimanga. Mkazi wanga sadziwa mpaka lero, ndipo akamawerenga izi ndi pamene adziwe. Mlamu wanga sanasewerenso mpira. Akabwera kudzationa amatsika panjinga pang'onopang'ono, mwendo wamanzere uli chiwongokere, n'kuitana ana anga kuti awauzenso za tsiku limene bambo wawo anamunyamula pangolo. Amawauza kuti akule ndi mtima ngati wanga. Anawo amatembenuka kundiyang'ana monyadira, ine n'kulowa m'nyumba kukamutengera mpando.